Foni ya alamu anga ndiyo inandiuza zoona

Akonzi,

Ndiloleni ndiponyepo mawu pa nkhani imene ikumveka kawirikawiri masiku ano, yoti achinyamata athu asamangothera mabandulo pa magemu opangidwa kunja koma ayambe kupanga awoawo. Ndikugwirizana nazo kwathunthu, ndipo ine mwini ndili m'gulu la oyesayesawo ngakhale imvi zayamba kale kundichezera. Masana ndimaphunzitsa masamu ndi kompyuta pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Zomba. Usiku, magetsi akalola, ndimakhala pa laputopu kupanga kagemu ka mpikisano wa njinga za kabaza. Chandilembetsa kalatayi n'chakuti ambiri olankhula za nkhaniyi amathera pa zooneka ndi maso: zithunzi, nyimbo, kanjinga kothamanga pa sikirini. Zimenezo n'zabwino, koma si zimene zimatulutsa munthu thukuta. Ine thukuta linandituluka pa timasekondi tochepa pamene osewera onse akuchoka pa siteji kupita pa msewu. Timasekondi timeneto tinandidyera masabata atatu.

Gemu yanga ndi ya anthu anayi. Laputopu ndiyo imasunga mpikisano wonse, komanso poyamba ine ndinkasewerera pomwepo; mafoni atatu amalowa kudzera pa hotspot. Ndimapangira mu Unity, pulogalamu yopangira magemu, ndipo pa zolumikiza mafoni ndimadalira Mirror, pulogalamu yaulere imene inaphuka pa chitsa cha UNet, njira yakale ya Unity imene eni ake analengeza mu 2018 kuti akuisiya. Mu Unity malo aliwonse a mu gemu amatchedwa scene. Ine ndili nawo atatu: siteji, pamene anthu amadikirana n'kusankha njinga, msewu, pamene amathamanga, ndi bolodi la zotsatira. Pochoka pa scene ina kupita pa ina, makina amagwetsa zonse za malo akalewo n'kumanga atsopano. Munthu akamasewera yekha palibe nkhani. Akakhala anayi ndiye kuti nyumba zinayi zikugwetsedwa ndi kumangidwa nthawi imodzi, amisiri ake osiyana changu, ndipo palibe akuona za mnzake.

Nanga wolemba pulogalamu amadziwa bwanji kuti kumanga kwatha? Pali chinthu chotchedwa callback. Ana a sukulu ndimawafotokozera chonchi: mayi akakweza mwana basi ya ku Lilongwe sakhala pa depoti tsiku lonse. Amangoti, "Ukafika undiflashe," n'kubwerera ku ntchito zawo. Callback ndi nambala imene umasiyira makina, n'kuwauza kuti chakutichakuti chikatha undiitane pano. Unity ili ndi yake yotchedwa SceneManager.sceneLoaded. Mirror ili ndi zake, monga OnServerSceneChanged ya mbali ya server (makina osunga mpikisano wonse, kwa ine laputopu ija) ndi OnClientSceneChanged ya mbali ya foni iliyonse. Mayinawa ndi omveka bwino kwambiri, moti munthu umadzinamiza kuti wamvetsa zonse usanawerenge kanthu.

Loweruka loyamba kuyesa ndi anthu enieni tinakhala pakhonde anayi: ine, mng'ono wanga, mphwanga amene ali Fomu 3, ndi alamu anga, amene foni yawo ndi yakalekale, ya 2GB, galasi lake losweka pakona. Mpikisano woyamba unayenda. Titabwerera pa siteji n'kuyambanso, aliyense anapezeka ali ndi njinga ziwiri zosanjikizana. Ulendo wachitatu, zitatu. Mphwanga uja anaseka mpaka kugwira m'mimba, n'kundifunsa kuti, "Amalume, mwatsegula kampani ya kabaza?"

Madzulo awiri ndinawathera pa mizere imene imaika njinga pa msewu. Ndinaiwerenga chokweza, chotsitsa, ndinailembanso mwatsopano. Inalibe mlandu. Chimene ndinachedwa kuchiona chinali pamphuno pomwepa: chiwerengero cha njinga chinkafanana ndi chiwerengero cha maulendo amene tadutsa pa siteji. Pa siteji ndinaikapo kapitawo, kachinthu kosaoneka koyang'anira mpikisano, ndipo ndinakauza ndi DontDestroyOnLoad kuti kasagwetsedwe scene ikamasintha. Sikankagwetsedwadi. Koma nthawi iliyonse tikabwerera pa siteji, scene imeneyo inkamangidwanso yonse, pamodzi ndi kapitawo watsopano. Wakale ali pomwepo, watsopano wabwera, onse asiya nambala zawo kwa sceneLoaded. Msewu ukatseguka onse akuflashidwa, ndipo aliyense akugwira ntchito yake mokhulupirika. Ndinatsimikiza poonjezera mzere umodzi wolemba GetInstanceID, nambala yozindikirira chinthu chilichonse, ya amene waitanidwa. Panatuluka manambala atatu osiyana. Mankhwala ake ndi aafupi: kapitawo watsopano akapeza kuti mnzake alipo kale adzichotse yekha, ndipo aliyense wolembetsa nambala mu OnEnable, imene imaitanidwa chinthu chikayatsidwa, aifufute mu OnDisable, imene imaitanidwa chikazimitsidwa. Ukaiwala kufufutako, makina amapitiriza kuitana ngakhale chinthu chimene chinagwetsedwa kale, ndiye umalandira MissingReferenceException, ngati kuimbira munthu amene anasamuka chaka chatha.

Pomwepo ndinaphunziranso ndondomeko imene tsopano ndinailemba pa kapepala n'kumata pamwamba pa sikirini. Scene ikamatseguka, Unity imaitana ma callback motsatizana: zimayamba ndi Awake, kenako OnEnable, kenako sceneLoaded, ndipo Start imabwera pambuyo. Wolembetsa nambala mu Start ya chinthu cha mu scene yatsopanoyo wachedwa, basi yafika kale. Ndipo wofuna kugwiritsa ntchito mu sceneLoaded zinthu zimene amazikonza mu Start apeza m'mbale mulibe kanthu.

Limenelo linali vuto laulemu, chifukwa linkabwera nthawi zonse ndipo linkaonekera kwa aliyense. Lachiwiri ndilo linandionetsa zakuda.

Loweruka lotsatira njinga zinali imodziimodzi. Pa sikirini pankawerengedwa 3, 2, 1, n'kuyamba. Atatufe tikunyamuka, alamu ali chiimire. Msewu akuuona, ife akutiona tikupita, koma njinga yawo yakana kusuntha ngati yamangidwa unyolo. Osati nthawi zonse: mwina kawiri pa maulendo atatu. Ndipo pa tebulo langa, pamene ndinkayesera ndekha, sizinachitikepo ngakhale kamodzi. Ndinkatsegula Unity kawiri pa laputopu yomweyo pogwiritsa ntchito ParrelSync, windo imodzi ngati host, ndiye kuti server imene ikuseweranso, ina ngati mlendo, ndipo zonse zinkayenda myaa.

Ndivomere pano, Akonzi, kuti ndinayamba n'kunena foniyo. Ndinawauza alamu kuti yatha ntchito. Iwo anangoyankha modekha kuti WhatsApp imayenda bwinobwino, ndipo mpira amaonera pomwepo. Kenako ndinanena netiweki, poti kuno netiweki ndi imene imasenza milandu yonse yosowa mwini. Koma tinali pa hotspot, mafoni onse pa mkeka umodzi, osadutsa pa intaneti n'komwe. Mlandu unalibe kwina kopita.

Ndinayesa njira imene timaphunzitsa m'kalasi, yoimitsa pulogalamu pa mzere umodzi ndi breakpoint n'kumasuzumira m'kati. Pa gemu ya pa netiweki njira imeneyi imakulumanso wekha. Ukaimitsa host, mafoni ena saima nawo. Amangoona kuti server yakhala chete. KCP, imene Mirror imanyamulira mauthenga ukapanda kusankha ina, imadikira masekondi 10 basi n'kudula. Ndiye pamene iwe ukuwerenga bwinobwino, anthu ako onse atuluka, ndipo vuto limene umalisaka lasanduka lina. Choipa kwambiri n'chakuti vuto la nthawi limathawa ukangosokoneza nthawiyo. Kuimitsa makina kuli ngati kuyatsa tochi pofuna kuona mmene mdima umaonekera.

Chotsala chinali kulemba. Mu callback iliyonse yokhudza kusintha scene ndinaikamo Debug.Log, mzere wolemba zimene zachitika, koma osati ya mtundu wa "ndafika pano" imene ndinkalemba kale. Mzere uliwonse unkanena zinthu zisanu: ndine yani, server kapena foni; nambala ya connection; dzina la callback; dzina la scene imene ili yotsegula panthawiyo; ndi nthawi. Pa nthawi pali msampha. Mawotchi a mafoni sagwirizana mpaka pa sekondi, ndipo Time.time imayamba kuwerenga pamene foni iliyonse yatsegulira gemu. Ndinagwiritsa ntchito NetworkTime.time, wotchi imene Mirror imayesetsa kuti onse aione mofanana ndi server. Za pa laputopu ndinazitenga mu fayilo ya Player.log imene pa Windows imabisala mu AppData, mu foda ya LocalLow. Za m'mafoni ndinazikoka imodziimodzi ndi chingwe cha USB, kudzera pa adb logcat. Kenako ndinatenga pepala la mayeso lotsala, ndinalilemba mizere inayi yotsika, n'kuyamba kukopera ndi bolopeni, chochitika chilichonse pa nthawi yake. Mkazi wanga anandipeza pakati pa usiku ndikuchita zimenezi n'kufunsa ngati ndayamba kuchonga mayeso a mafoni. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Usiku umenewo ndinawamvetsa.

Pepalalo linanena zonse. Nditalamula kuti tipite pa msewu, laputopu inamaliza kumanga patatha sekondi imodzi ndi pang'ono. Pomwepo OnServerSceneChanged inaitanidwa, ndipo m'menemo ndi mmene ndinaika kuwerenga kwa 3, 2, 1. Foni ya mphwanga inanena kuti yakonzeka pa masekondi 2.9, ya mng'ono wanga pa 3.6. Uthenga womasula njinga unatumizidwa pa 4.2. Foni ya alamu inakonzeka pa 9.4. Pa mzere wawo, malo a uthenga womasulawo anali oyera.

Apa ndi pamene ndinatsegula fayilo ya NetworkManager.cs ya Mirror n'kuiwerenga ngati kalata, chinthu chimene ndikanachita tsiku loyamba, poti ndi yotsegula kwa aliyense. Ukaitana ServerChangeScene, server imayamba n'kulemba osewera onse kuti sanakonzeke, n'kuwatumizira dzina la scene yatsopano, n'kuyamba kumanga yake. Foni iliyonse imamanga payokha, ndipo ikamaliza imatumiza mawu oti yakonzeka. Pakati pamenepo server siitumizira foniyo mauthenga a mtundu wa ClientRpc, amene server imauzira mafoni zochita. Saikidwanso pambali kuti idzawapeze ikafika. Amangodutsa. Uthenga wanga womasula njinga unali ClientRpc. Unanenedwa kamodzi, alamu ali panjira, ndipo sunabwerezedwe.

Kulakwa kwanga konse kunali pa kamvedwe ka dzina limodzi. OnServerSceneChanged ndinkaimva ngati ikunena kuti "tasamuka". Imanena kuti "ine server ndasamuka", basi. Za ena sikudziwa kanthu. Dalaivala wa minibasi akakhala pa mpando wake sizitanthauza kuti anthu akwera. Wina akadamangitsa thumba la chimanga kumbuyo. Pa tebulo langa sindikanaziona, chifukwa mawindo awiri aja ankawerenga pa disiki imodzi yothamanga ndipo ankamaliza pafupifupi limodzi. Masekondi atatu owerengera aja ankaphimba kusiyana konse. Foni ya alamu yokha ndiyo inali yochedwa mokwanira kuti bodza langa lionekere.

Palinso chinyengo china cha host chimene ndikufuna achinyamata achidziwe msanga. Host ndi server komanso wosewera m'thupi limodzi. Chimene server yasintha, wosewera wa pa host amachiona nthawi yomweyo, ngakhale uthenga usanatumizidwe, chifukwa zonse zili m'mutu umodzi. Ndiye wopanga gemu, amene nthawi zambiri ndiye amakhala pa host, ndi munthu womaliza kuona mavuto a gemu yake. Masiku ano ndimayatsa laputopu ngati Server Only, opanda wosewera, ine n'kukalowa pa foni ngati wina aliyense.

Kukonza kwake kunali mbali ziwiri. Yoyamba, mpikisano usayambe chifukwa server yafika, koma chifukwa onse afika. Mirror ili ndi OnServerReady, imene imaitanidwa pa server foni iliyonse ikanena kuti yakonzeka. M'menemo ndimachonga dzina pa kaundula, ndipo kaundula akadzaza m'pamene kuwerenga kumayamba. Yachiwiri ndiyo ndimaikonda, chifukwa inasintha kaganizidwe kanga. Ndinasiya kulengeza kuti "yambani" ndipo ndinayamba kulemba nthawi yoyambira. Mphunzitsi aliyense amadziwa kusiyana kwa kunena pakamwa kuti mawa kuli mayeso ndi kulemba pa bolodi. Wonena pakamwa wafikira okhawo amene anali m'kalasi; wolemba pa bolodi wafikira ndi wochedwa yemwe. ClientRpc ndi pakamwa. SyncVar ndi bolodi: foni ikangolowa, imalandira zimene zalembedwapo panthawiyo. Tsopano server imalemba nambala imodzi, yoti mpikisano uyamba wotchi ya NetworkTime ikafika pakutipakuti. Foni iliyonse imachotsera yokha n'kudziwa ngati ionetse 3, 2, 1, kapena imasule njinga nthawi yomweyo poti nthawi yadutsa kale. Kulira kwa belu kapena fumbi la pa tayala zikhoza kupita pa ClientRpc. Wina akaziphonya sataya kanthu. Koma chilichonse chimene wochedwa sangasewere popanda kuchidziwa chiyenera kukhala pa bolodi.

Pokonza zimenezi ndinathyola china, monga zimakhalira. Ndinalemba OnClientSceneChanged yangayanga kuti ndichotse chithunzi chodikirira, n'kuiwala kuitana base.OnClientSceneChanged(). M'kamzere kameneko ndi mmene foni imauza server kuti yakonzeka ndi kupempha wosewera wake. Zotsatira: msewu wopanda njinga, onse akudikira, Console, pamene Unity imaonetsa zolakwika, ili phee, popanda ndi chofiira chimodzi chomwe. Koma poti zolemba zija zinalipo kale, ndinaona m'mphindi zisanu kuti OnServerReady sinaitanidwe n'kamodzi komwe. Sabata ziwiri m'mbuyomo zikanandidyera usiku wonse.

Kudikira onse nako kuli ndi mwana wake. Tsiku lina, tili pakati pa siteji ndi msewu, mng'ono wanga anaimbiridwa foni ndi akunyumba kwake, ndipo foni imeneyo siikanidwa. Gemu inapita kumbuyo, connection inaduka, ndipo atatufe tinakhala tikuyang'ana mawu oti "tikudikira anzathu" mpaka tiyi anazizira. Kaundula wanga ankafuna anthu anayi, ndipo ndinkamuwerenga pokhapokha wina akafika, osati wina akachoka. Tsopano funso loti "kodi onse alipo?" limafunsidwa pawiri, mu OnServerReady ndi mu OnServerDisconnect, ndipo limayerekeza ndi amene alumikizidwa panopa, osati amene anali pa siteji. Ndinaikanso malire a masekondi 20. Akakwana, mpikisano umayamba ndi amene alipo.

Nanga wochedwa kupitirira malirewo atani? Apa si nkhani ya makina ayi, ndi ya mtima wa wopanga. Njira yosavuta ndi kumutulutsa. Ine ndinakana. Anthu amene ndikuwapangira gemuyi ambiri mafoni awo akufanana ndi ya alamu, osati ndi laputopu yanga. Gemu imene imapitikitsa munthu chifukwa foni yake ndi yotsika mtengo ikumuuza kuti si ya iye. Mwa ine wochedwa amalowabe, amapeza nthawi yoyambira pa bolodi, n'kunyamuka kuthamangitsa anzake. Mwina sapambana ulendo umenewo, koma wakwera.

Pofuna kudziwa ngati vutoli ndi la ine ndekha, ndinasuzumira mmene zida zina zimachitira. Netcode for GameObjects, ya eni ake a Unity, ili ndi OnLoadEventCompleted imene imakupatsa mindandanda iwiri, wa amene amaliza ndi wa amene nthawi yawathera. Photon imaimitsa kaye mzere wa mauthenga pamene foni ikutsegula scene kudzera pa PhotonNetwork.LoadLevel, kuti uthenga wa nyumba yatsopano usafikire m'nyumba yakale. Aliyense anamanga mpanda wake pa dzenje lomwelo, kusonyeza kuti ogweramo ndi ambiri. Chenjezo limodzi kwa ophunzira pa YouTube: onani chaka cha vidiyo. Alipo akale amene akuphunzitsabe OnLevelWasLoaded, imene Unity inaiika m'gulu la zotha ntchito kuyambira pa 5.4 mu 2016. Ndipo OnClientSceneChanged ya Mirror yakale inkalandira connection m'mabulaketi ake pamene yatsopano silandira kanthu. Fayilo imene ili mu pulojekiti yako ndi imene ikunena zoona za lero, osati vidiyo.

Chinthu chomaliza chimene ndinachita, ndipo ndikanayamba nacho, ndi kupanga kuchedwa mwadala. Mirror ili ndi LatencySimulation yochedwetsa ndi kutaya mauthenga ena, ndipo imathandiza. Koma kuchedwa kwa uthenga panjira ndi kuchedwa kwa foni pomanga scene ndi matenda awiri osiyana, ndipo anga anali achiwiriwa. Ndiye ndinaika kabatani kobisika kamene kamachititsa foni iliyonse kudikira masekondi 8 isananene kuti yakonzeka. Ndinakatcha "foni ya alamu". Eni ake atamva anati ndiwalipire.

Tsono pempho langa, Akonzi, lili pawiri. Kwa aphunzitsi anzanga: timaphunzitsa ana kuti pulogalamu imayamba pamwamba n'kutsika mzere ndi mzere, ndipo pa mayeso zimakhaladi choncho. Koma chilichonse chimene mwanayo adzapange cholumikiza makina awiri, kaya gemu, kaya pulogalamu yolandirira ndalama pa foni, sichidzayenda motero. Chidzakhala cha kudikira, kuitanidwa mochedwa, kuitanidwa kawiri, kapena kusaitanidwa n'komwe. Izi tingaziphunzitse popanda ndi kompyuta yomwe. Ine ndinayesa ndi kalasi langa: ana anayi kukhala m'makona, wina kukhala server pakati, mauthenga kulembedwa pa timapepala, ndipo wonyamula timapepala ndinamunong'oneza kuti ka mtsikana wa pakona yakumanzere azikachedwetsa. Mphindi khumi zisanathe anali atakangana kale za amene ayenera kudikira mnzake, ndipo mnyamata wina amene sayankhula m'kalasi ndiye ananena kuti bwanji tingolemba nthawi pa bolodi. Zimene zinanditengera masabata atatu.

Kwa inu atolankhani ndi onse amene mumaitanidwa kukaweruza pa zionetsero za achinyamata: mnyamata kapena mtsikana akakuonetsani gemu ya anthu ambiri pa laputopu yake, muyamikireni, wagwira ntchito. Koma musalekere pomwepo n'kulemba kuti yatheka. Mupempheni alowetse mafoni atatu, imodzi ikhale ya mlonda wa pageti kapena ya mayi wogulitsa mandasi panja. Sewerani maulendo atatu motsatizana osatseka, chifukwa njinga zanga zinayamba kuswana pa ulendo wachiwiri. Ndipo pamene sikirini ikuti dikirani, mmodzi azimitse Wi-Fi yake, muone ngati otsalawo apitirire. Si kumuchititsa manyazi ayi. Akagwa pamenepo, mufunseni kuti aziyamba kufufuzira pati. Akatulutsa zolemba zokhala ndi nthawi ndi dzina la foni iliyonse, ameneyo lembani dzina lake m'nyuzipepala, adzafika patali kuposa wa zithunzi zokongola.

Mwezi watha alamu anagula foni yatsopano ndipo yakale ija ankafuna kukaigulitsa kumsika. Ndinaigula ine. Ili pa tebulo pano, batire lake limafuna chingwe nthawi zonse, ndipo chilichonse chimene ndasintha chimayamba kuyesedwa pa iyo. Loweruka lapitali inawabwerera m'manja kwa ola limodzi, poti ndinawakaniza kusewerera pa yatsopanoyo. Inatenga masekondi ake 9 monga mwa nthawi zonse, tonse tinadikira, 3, 2, 1 inaoneka pa masikirini anayi limodzi, ndipo alamu anamaliza achiwiri, kumbuyo kwa mphwanga. Ine ndinali wachinayi.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa masamu ndi kompyuta,
Zomba